Adzukulu Ochokera Kumigodi

Ndikamakumbukira zaka zimenezo, chimayamba kubwera m'maso ndi fumbi la lole. Sindidziwa ngati inali imodzi kapena analipo ambiri, chifukwa kulikonse kumene ndinkaiona inali yobiriwira, galasi lake long'aluka, dalaivala wake akutafuna nzimbe.

Ine ndinabadwira kutsidya, m'komboni ya pamgodi. Mayi anga anali a komweko, bambo anali a kuno. Bambo ankati "kwathu" m'mawa ndi madzulo, koma dzina la mudziwo sanalitchule, kapena analitchula ine ndili kosewera. Anafera pansi, thanthwe litagumuka, ndipo mtembo wawo sunatuluke. Mayi anakwatiwa kwina. Ine ndinakula, ndinamera ndevu, n'kulowa mumgodi womwewo.

Chaka china wailesi inayamba kuimba nyimbo yatsopano. Inkati dziko la kumpoto kwa mtsinje ladzilamulira, ndipo likuitana ana ake onse amene anatchona. Pakati pa nyimboyo munthu wa mawu okoma ankati, "Bwerani, mayi wanu akukudikirani pakhomo." M'komboni amuna a imvi ankalira poyera, osachita manyazi.

Amene anandigwira dzanja anali a Jailosi, anzawo a bambo. Ntchito yawo inali yochirikiza denga la mgodi ndi mitengo kuti lisagwere anthu. Anali munthu wamfupi, wa mapewa ngati mtondo, wokhosomola fumbi la zaka zambiri, ndipo kulikonse ankayenda ndi majombo awo a kumgodi.

"Iwe mwana wa mnzanga, tiye," anatero. "Bambo ako anatsala pansi pa mwala wa eni ake. Ine zimenezo ayi. Ndikufuna ndikagone m'dothi la kwathu, pamanda pa anthu, ondikumbira alipo, ondilira alipo. Sindipempha china."

"Nanga ine kwathu ndikudziwako kuti?"

"Uli ndi ine. Kwera."

Pamalire anatilandira ngati akwati. Panali chipata cha udzu ndi maluwa, amayi ovala nsalu zofanana akuvina, ndi bwana wa suti amene anatitchula kuti ndife mafupa a dziko obwerera m'thupi mwake. Aliyense anamufunditsa bulangete latsopano, wojambula zithunzi n'kutiuza kuti tiseke. Tinasekadi, ndipo chimwemwe chathu chinali chenicheni. Atatha kujambula anatolera mabulangete aja, n'kuwapinda bwinobwino kudikira lole yotsatira.

Kuseri kwa chipatacho kunali munthu wa chipewa cha boma. Ankafunsa aliyense kuti kwanu ndi kuti, mfumu yanu ndani. Ine ndinayamba kuyankha m'Chichewa changa chopindika, iye n'kukwinya nkhope. A Jailosi anatchula mudzi wawo ndi mfumu yawo mofuula, ngati akuitana munthu ali kumunda, n'kuwonjezera kuti ine ndili nawo. Wa chipewa uja anatikodola kuti tidutse.

Tinayenda mpaka kumene kunali mudziwo. Tinapezako munda wa fodya wopanda malire, wa munthu wina wamkulu amene dzina lake ankalitchula motsitsa mawu. A Jailosi anazungulira, kuyang'ana phiri, kuyang'ana dambo, kenaka anaima pa chigafa choyanikamo fodya n'kuvula chipewa chawo.

"Amayi anga ali pansi apa," anatero.

Kapitawo wa pamundapo anatiuza kuti anthu a mudziwo anawasamutsira kuseri kwa phiri. Tinapita kuseri kwa phiri, tinapeza anthu ena, amene anatilozera kuseri kwa phiri lina. Kumenekonso anatilozera kwina. Mapiri sankatha, ndipo lililonse linali ndi kuseri kwake. Tsiku lina a Jailosi anakhala pa mwala, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Mwana wa mnzanga, zikuoneka kuti tachedwa pang'ono." Ine sindinaseke nawo. Ndinakwiya m'malo mwawo, poti iwo kukwiya sankakutha.

Tinabwerera kumunda wa fodya uja n'kugwira ntchito nyengo imodzi. Ndinaphunzira kuthyola masamba kuyambira m'munsi ndi kuwasoka pa chingwe, zala zili bii ndi utomoni. A Jailosi anapempha kuti aziyanika m'chigafa chomwe chija. Polowamo ankavula majombo, anthu n'kumawayesa amisala.

Kenaka ndinaona tili m'tauni. Kumeneko ntchito inali yomanga zipata za udzu zolandirira akuluakulu, chifukwa akuluakulu masiku amenewo ankayendayenda kwambiri. Ndinaphunzira kupinda nsungwi isanaume ndi kumanga udzu kuti chipata chioneke chonenepa kutsogolo ngakhale kumbuyo kuli mbee. Wamkulu akamadutsa, ife matchona ankatiimika kutsogolo kuti aone ana amene anabwerera. Mabulangete aja ankabwera pa lole, n'kubwereranso pa lole. Ndinayamba kulizindikira langa, linali lopsa pakona.

M'tauni momwemo munali mnzathu wa pa lole yoyamba, a Bizaliyele, amene nawonso kwawo anakusowa. Anadwala, anapita kuchipatala, anamwalira. Panalibe wobwera kudzatenga mtembo. M'mawa wina tinaona akaidi ovala zoyera atausenza m'mphasa, msilikali wa mfuti ali pambuyo, akupita kuseri kwa dzala la tauni. A Jailosi anasiya nsungwi n'kuwatsatira. Dzenje linali losazama, akaidi akucheza za fodya. A Jailosi anakhala pansi n'kuyamba kulira okha, mokweza, monga alirira amayi kumudzi.

"Madala, ndi m'bale wanu?" msilikali anafunsa.

"Iyayi."

"Nanga mukulira chiyani?"

"Nanga munthu apite ngati galu?"

Pobwerera anandigwira phewa. "Waona? Tichoke m'tauni muno. Muno ndikafa andikwirira akaidi."

Nthawi imeneyo wailesi inali itasintha. Nyimbo inali yomweyo, koma munthu wa mawu okoma uja tsopano ankati ena mwa obwerera anabwera ndi makhalidwe a kwa eni, amakonda kufunsa mafunso, amaphunzitsa anzawo kunyanyala ntchito. Ankati mwana weniweni wa dziko amadziwa mfumu yake. Lole ija ndinaionanso pa mphambano, koma ulendo uno inali italoza kummwera.

Tinalowa m'midzi, n'kumakumba zitsime. Apa ndiye ndinawaona a Jailosi mmene analili. Dothi ankalinunkhiza, kulifikisa m'manja, kuliika ndi pa lilime pomwe. Akalowa pansi ankaimba, ndipo ine pamwamba ndinkadziwa kuti zinthu zili bwino nyimbo ikamamveka. Madzi akatuluka, amayi ankalulutira, ankatiphera nkhuku, ankatitcha anthu a Mulungu. Zikatero a Jailosi ankasamba, kuvala malaya awo abwino, n'kupempha kuti awaonetse kumene kuli manda. Ankaima chapatali n'kumasuzumira mitengo ya kumandako ngati mnyamata wofuna mbeta.

"Pabwino apa," ankatero. "Mthunzi ulipo. Kodi munthu wobwera angagone nawo?"

Yankho linali limodzi kulikonse, loperekedwa mwaulemu, manja akuwomba. Manda ndi a mbumba. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatipatsa kamba wa panjira, ife n'kupitirira. Mudzi wotsatira unkakhala ndi chitsime chouma chofanana, amayi ofanana, mitengo ya kumanda yofanana, koma a Jailosi ankatenga nthawi yaitali kuti atuluke m'dzenje, ndipo nyimbo yawo inkadukaduka.

Mvula ya chaka china inatipeza m'mudzi wa mchenga, m'mbali mwa mtsinje. Mtsinjewo unasefukira, osawolokeka. Tinabisala m'khumbi la mbuzi, ndipo masiku onsewo tinkamva kulira kuchokera pakati pa mudzi, kulira kosatha, kotopa. M'mawa wina kunabwera mayi wamtali, atamanga nsalu m'mimba, maso ofiira. Anati dzina lawo ndi Nangozo, ndipo womwalirayo ndi mwamuna wawo.

"Ndamva kuti mumakumba," anatero.

"Zitsime, mayi," ndinayankha ine.

"Dzenje ndi dzenje. Adzukulu athu, amene amatikumbira ndi kutiikira maliro, ali kutsidya, madzi awatsekera. Mudzi uno tonse ndife amodzi, ndipo wachibale sakumbira m'bale wake. Mtembo wayamba kutivuta m'nyumba. Inu muli ndi wanu pano?"

"Tilibe aliyense, mayi," anatero a Jailosi. "Pano kapena kwina."

"Ndiye anthu amene tikuwafunawo. Nyamulani makasu."

Kwa nthawi yoyamba a Jailosi analowa m'manda a kuno. Anavula majombo pa mtengo woyamba. Mchenga unali wonyowa, tikakumba unkagumukira mkati. Iwo anadula mitengo, anaimika ina m'mbali, ina kupingasa, monga ankachitira kumgodi, dzenje n'kuima chilili. Zuze, mwana wa a Nangozo, anaimirira chapatali ndi amuna anzake, akuyang'ana ntchito imene iwo samayenera kuigwira. Tinamuika munthu uja dzuwa lisanapendeke.

Titabwerera kumudzi tinalakwitsa. Zuze anatilozera nkhuku zimene zinkayenda pabwalo. A Jailosi, mwa ulemu wawo, anawomba m'manja n'kunena kuti iyayi, sitingalandire kanthu pa tsoka la anzathu. A Nangozo anatuluka m'nyumba ya maliro, manja m'chiuno.

"Mwatinyoza chiyani? Mdzukulu sapatsidwa ndipo sapempha, amangogwira. Amatilanda, amatiseka, amatitukwana ngati afuna, ife osakwiya. Mukufuna tilire mpaka liti? Ntchito yanu sinathere kumanda kuja."

A Jailosi anayang'ana pansi, anayang'ana nkhuku. Kenaka munthu wa chifuwa chowola uja anathamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe, anagwa m'matope, anadzuka atamugwira mwendo. Anafunsa kuti malemuwo ankayenda bwanji. Atauzidwa kuti ankatsimphina ndiponso ankakonda kukana ngakhale zinthu zoonekeratu, anatenga chipewa cha malemuwo, anayamba kutsimphina pabwalo, akuloza mtsinje wodzaza uja n'kumati, "Madzi ake ati? Ine sindikuona madzi." Amayi anayamba kuseka misozi ili m'masaya. A Nangozo anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka analira kulira kwina, kopepuka.

Madzi anaphwa, koma ife sitinachoke. Mtsinjewo unkadzaza chaka ndi chaka, ndipo ngakhale m'chilimwe anthu ankati dzenje la amigodi siligumuka. Anatipatsa kanyumba kumapeto kwa mudzi. Tinaika makanda, tinaika nkhalamba, tinaika mtsikana amene anafa pobereka. A Jailosi anasanduka katswiri wa chidzukulu. Munthu ali moyo ankamuyang'anitsitsa mmene amayetsemulira, mmene amakanira ngongole ya mowa, mmene amaitanira mkazi wake, ndipo anthu ankawathawa mwanthabwala, amvekere, "Musandiyang'ane choncho, sindinafe." Sindinaonepo munthu wina wodziwa kupepuza mtima wa namfedwa ngati iwo. Ndinkawanyadira, ndipo mpaka lero ndimawanyadira.

Koma ankatitchabe alendo athu. A Jailosi sanafunsenso za malo ogona, ngati kuti anatopa kukanidwa. Pokumba ankangoima pang'ono, kuyang'ana pansi pa mtengo wa muwanga umene unali kumapeto, n'kupitiriza. Ine zinkandiwawa.

"Timawakumbira onsewa," ndinawauza tsiku lina tili m'dzenje. "Inu adzakukumbirani ndani? Ine ndekha, kuseri kwa kanyumba, pafupi ndi chulu?"

"Maliro n'kulirana."

"Amalirana eni ake."

"Kumba, iwe. Ukulankhula ngati wailesi."

Chifuwa chinawagwetsa m'nyengo ya mphepo. Nthawi yomweyo kunamveka kuti lole ikuyenda m'midzi, ikutola onse amene anabwera pa lole koma alibe mfumu yowadziwa, n'kukawatula kutsidya kwa malire. Inali itafika kale mudzi wa kumtunda. Ndinachita mantha kwambiri, osati chifukwa cha ine. M'maganizo ndinkaona a Jailosi akufera pa lole, akutsitsidwa m'mbali mwa msewu wa kwa eni, atayenda ulendo wonsewo pachabe. Ndinawauza kuti ndiwabereke tikabisale kuphiri.

"Ndakhala m'dzenje moyo wanga wonse," anatero. "Sindikabisalanso m'phanga. Nditulutse panja ndione dzuwa."

Ndinawakhazika pa mphasa, atatsamira khoma. Anayang'ana mbuzi, anayang'ana ana opita kumtsinje. Anandiuza kuti mpini wa khasu langa wagwedera, ndiukonze. Ndinatembenuka kuti ndiuone, ndipo nditayang'ananso anali atapita.

Sindinalire. Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinawafunditsa, ndinatenga khasu ndi nkhwangwa n'kuzungulira kuseri, pafupi ndi chulu. Ndinkafuna ndimalize lole isanafike, kuti ngakhale sanagone pamanda pa anthu, dothi likhale la kuno. Kutali kumtunda fumbi linali litayamba kuoneka. Ndinatema kamodzi, kawiri.

"Mukutani?"

Anali a Nangozo, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Anayang'ana khasu, anayang'ana chitseko, n'kuponya nkhuni pansi. Analira mfuu umene unamveka mudzi wonse. Kenaka anabwera n'kundilanda khasu, mwamphamvu, ngati akulanda mpeni kwa mwana.

"Mukufuna kutichititsa manyazi? Munthu anatiikira amuna athu, ana athu, inu mumuike pa chulu ngati mphaka?"

"Mayi, manda ndi a mbumba. Anatiuza kulikonse."

"Kulikonse si kuno. Munatifunsa ife? Zuze! Itana anzako, tengani makasu. Amalume ako, eni mbumba, ndikawauza ndine, sakana." Anatembenukira kwa ine. "Inu khalani apo. Lero ndinu namfedwa."

Ndinakhala pansi pa khonde, osadziwa poika manja. Anthu anayamba kufika, amayi kulowa m'nyumba, abambo kukhala pansi pa mtengo. Anyamata anathyola nthambi zamasamba n'kukaziyala pamsewu, monga achitira kuti wodutsa adziwe kuti pali zovuta.

Lole inafika pa nthambizo n'kuima. Dalaivala analavula nzimbe, anazimitsa injini. Anatsika munthu wa chipewa cha boma, ndipo ndinamuzindikira: anali yemwe uja wa pamalire, koma atakalamba, akukoka mwendo. Anaima pamsewu kwa kanthawi. Munthu sangalowe pamaliro ali chilili ndi chipewa kumutu, ngakhale atatumidwa ndi ndani. Anachivula, anayenda chowerama, anafunsa kuti mwini maliro ndi uti. Zala zonse zinaloza ine.

Anadzanjuta patsogolo panga n'kundigwira dzanja. "Pepani, bambo. Zatikhudza tonse." Nditayankha, anamva lilime langa, ndipo ndinaona kuti wadziwa. Anakhala pambali panga, chipewa chili pa bondo, n'kunena motsitsa, "Ndatumidwa anthu awiri m'mudzi muno."

"Mmodzi ali m'nyumbamo," ndinatero.

Asanayankhe, kuchokera kumanda kunatulukira Zuze, thupi lonse mchenga, atavala majombo a a Jailosi. Ankayenda chotambalala, akutsokomola, akununkhiza dothi n'kuliika pa lilime. Anaima patsogolo pa abambo n'kuwayang'anitsitsa mmodzimmodzi, amvekere, "Inu mumayetsemula bwanji? Tayetsemulani ndione." Anthu anafa nacho chiseko. Anagwira nkhuku yanga imodzi yokhayo, osapempha. Atafika pa mlendo uja anatsomphola chipewa cha boma n'kuchivala chammbali. Wa chipewa uja anatambasula dzanja, kenaka analibweza, n'kupukusa mutu akumwetulira. Nayenso anali mwana wa mudzi wina, ankadziwa kuti mdzukulu sakwiyiridwa.

A Nangozo anabwera chogwada ndi madzi akumwa a mlendo. "Bwana, mwafika bwino, mutiperekeze kumanda. Koma namfedwayu sachoka. Pali kumeta, ndiye chaka chamawa pali mowa wa chikumbutso. Akachoka, mandawo azisesa ndani?"

"Mayi, ine ndimangotumidwa."

"Tikudziwa. Mukawauze kuti munapeza maliro."

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Ananditsogoza pambuyo pa bokosi, malo amene ndinali ndisanayendepo, poti ine ndinkakhala kale kumanda anthu akamafika. Tinadutsa manda onse amene tinakumba ndi manja athu, mpaka kumapeto, pansi pa muwanga. Sindidziwa amene anawauza. Mwina nawonso ankatiyang'ana zaka zonsezo monga a Jailosi ankawayang'anira iwo.

Anandikhazika pafupi ndi dzenje, mlendo uja pambali panga. Ndinasuzumira. Anali atachirikiza mchenga ndi mitengo monga ankationera, koma mtengo umodzi wopingasa unali wopendekera, ndipo mchenga unkayoyoka pang'onopang'ono pakona. A Jailosi akanawabweza kuti ayambirenso. Ndinadzuka kuti nditsikemo ndikauwongole.

Dzanja linandigwira pa mkono. Anali munthu wa boma uja, mutu wake uli pamtunda, dazi likuwala.

"Khalani pansi, bambo," anatero. "Wachibale sagwira."

Ndinakhala pansi. Zuze anatsikamo yekha, anaugogoda mtengowo ndi chidendene cha jombo mpaka unalunjika, ndipo anzake anayamba kutsitsa bokosi. Apo m'pamene ndinalira.